Msana Uli ndi Eni Ake

Willard Chimwaza anabadwira ku Tsangano, kumene mwana wamwamuna amayamba kusenza thumba la mbatatesi ndevu zisanamere. Bambo ake anachoka pamudzi iye ali kumsana, choncho amene anamulera ndi amalume ake, a Augustine, mlongo wa mayi ake. Iwowo ndiwo anamuphunzitsa sukulu ndi ndalama za kudimba mpaka anakachita maphunziro a unamwino pa chipatala cha mishoni. Pamene ankakwatira Flossie, mtsikana wa ku Mphate amene sukulu analekezera Fomu 3, a Augustine omwewo ndiwo anaima kutsogolo monga nkhoswe. Willard sankagula ngakhale wailesi osawauza.

Ntchito anayambira m'wodi ya amuna ku Lilongwe. Kumeneko wodwala akafuna kuchotsedwa pabedi, namwino ankangokwinya malaya, kulowetsa mikono pansi pa munthuyo n'kumudzutsa. Willard anali wamtali, wa mapewa ngati chitseko, ndipo zimenezi kwa iye zinali masewera. Atafika ku Birmingham, ku Mangalande, mu 2002, anapeza kuti kuno kuli makina onyamulira odwala, amene amati hoyisiti. Anamuphunzitsa kagwiritsidwe ntchito kake, iye n'kugwedeza mutu mwaulemu. Koma hoyisitiyo inkafuna anthu awiri, inkakhala kumapeto kwa wodi, ndipo nkhalamba yofuna kupita kuchimbudzi sidikira. Willard ankangoinyamula monga ankachitira kwawo. Timagogo ta chizungu tinkamukonda, tinkamuitana ndi dzina. Anzake akachepa pa shifiti ankati aitane Willard, iye n'kubwera akuseka. Masiku opuma ankakwera sitima kukagwira mashifiti ena ku Nuneaton.

Flossie anamutsatira patapita chaka, ndipo mwana wawo Joanna anabadwira konkuno. Ankakhala m'kanyumba ka pamwamba ku Longbridge, moyang'anana ndi mipanda ya fakitale ya magalimoto imene inali itangotsekedwa kumene. Flossie ankakolopa m'nyumba yosungira okalamba m'mawa, masana n'kukhala ndi mwana. Sanali wolankhulalankhula. Chingerezi cha kuno chinkamuthamangira kwambiri, moti anazolowera kumva ndi maso. Ndiye anayamba kuona iye kuti msana wa mwamuna wake suli bwino, mwini wake asananene kanthu. Willard anayamba kuvala masokosi atagona chagada pabedi. M'basi ankaima chilili mipando ili mbwee. Joanna akatambasula manja n'kunena kuti, “Daddy, up,” bambo ake ankayamba ayang'ana uku ndi uku ngati akufuna womutuma, kenako n'kumusisita pamutu.

Atamufunsa, Willard anati ndi kuzizira chabe. Anapitiriza kugwira ntchito akumwa mapilisi mobisa, chifukwa mapepala awo okhalira m'dziko muno anali omangirira pa ntchito yakeyo, ndipo namwino wodwaladwala sadziwa tsiku limene adzamuyang'ane ndi diso lina. Koma tsiku lina anawerama kuti atulutse Joanna m'bafa, ndipo sanathe kuweramukanso. Flossie anamupeza atagwada, chipumi chili pamphepete pa bafa, mwana akumuwaza madzi kumaso poganiza kuti ndi masewera.

Atamujambula, dokotala wamkulu wa mafupa anafotokoza kuti kamtsamiro kamene kamakhala pakati pa mafupa a msana, kamene amati disiki, kanali kataphulika cha m'chiuno ndipo kankapsinja mtsempha wopita kumwendo wamanzere. Anati adzachotsa disikiyo n'kumanga mafupa awiriwo ndi zitsulo kuti akhale fupa limodzi. Anamulemba pa mzere wa odikira opaleshoni, n'kumuuza kuti mzerewo ndi wautali.

Pansi pa nyumba yawo pankakhala mzungu wina wachikulire amene anagwira ntchito pa fakitale ija moyo wake wonse, ndipo msana wake anaumanga ndi zitsulo kalekale. Akagwetsa makiyi pakhomo, ankachita kugwada mawondo onse awiri, msana uli njo, ngati mkazi wopereka madzi kwa apongozi. Willard, amene tsopano ankakhala pakhomo tsiku lonse, ankamuonera pawindo. Flossie ankaona nkhope ya mwamuna wake, ndipo ankadziwa chimene chikuyenda m'mutumo.

Lamlungu masana a Malawi ankapemphera mu holo ina ku Bordesley Green. Kumeneko ndi kumene Steve, mnyamata wa ku Blantyre amene anamaliza yunivesite konkuno n'kupeza ntchito ya makompyuta m'tauni, anakokera Willard pambali mapemphero atatha. Anali atafufuza pa intaneti. Anati ku Germany kuli madokotala amene samanga mafupa, amangochotsa disiki yakuthayo n'kuikapo ina ya chitsulo ndi pulasitiki, munthu n'kumapindika monga kale.

“Bigi, musalole akufyuzeni, akumangeni mafupa ndi zitsulo,” anatero Steve. “Akakufyuzani basi, kariya yathera pompo. Mudzawerama bwanji pa bedi ya peshenti? Kunoku akungofuna kusevako ndalama. Ku Germany ndi ngati kusintha bushi ya galimoto, wiki ziwiri mwabwerako mukuvina.”

A Dorothy anamva. Iwowa anali namwino wamkulu, mayi wa ku Mulanje amene anafika kuno ena onse asanabwere, ndipo aliyense ankawatchula kuti anti. Anafunsa Steve ngati anayamba wasinthapo bushi ya munthu. Anafunsanso kuti ku Germany akamudikirira ndani wodwalayo, popeza Flossie ndi pasipoti yake ya Malawi angafunike viza ina, komanso ali ndi mwana. Ndipo chitsulocho chikadzasuntha ali kuno, adzachikonza ndani? Anauza Willard kuti mapanga awiri avumbwitsa, agwire chimene chili pafupi. Willard anaseka, n'kunena kuti anti amaopa ndege. Pobwerera kunyumba maso ake ankawala koyamba m'miyezi yambiri, ndipo Flossie sanafune kuzimitsa kuwalako.

Kaya kuno kaya ku Germany, nkhani ya mpeni inayenera kufika kwa a Augustine. Iwo analibe foni. Munthu ankagula khadi yoimbira kunja pa sitolo ya mwenye, kuimbira mphunzitsi wina wa pasukulu ya kumudziko, kupangana naye tsiku, iye n'kutuma mwana kukaitana mkuluyo kudimba. Tsiku limene anapezana, Willard anafotokoza zonse pang'onopang'ono, za zitsulo za kuno ndi za disiki ya ku Germany. Mphepo ya m'phiri inkalira m'foni. Kenako a Augustine anafunsa ngati amva bwino. Anthu kumudzi amagulitsa ng'ombe kuti wodwala wawo afike ku Lilongwe, akuluakulu a boma amakwera ndege kukafuna mankhwala ku Mangalande, ndiye mphwawo ali ku Mangalande komweko akuti nakonso n'kosakwana? Anati nkhaniyi sakuimvetsa, ndipo chinthu chimene sakuchimvetsa sangachivomere yekha. Ayenera kuitana mayi ake a Willard, alongo ake a Willard awiri, wina wa ku Balaka wina wa ku Kasungu, akhale pansi onse pamodzi. Zimenezo zingatheke mvula ikatha, misewu itauma.

“Msana umenewo si wako wekha, mphwanga,” anatero. Kenako anati apatsidwe Flossie.

Flossie analandira foni ndi manja awiri.

“Apongozi,” anatero mkuluyo mofatsa, “munthuyo tinakupatsani akuyenda ndi miyendo yake iwiri. Inu ndinu maso athu kumeneko. Pasalowe mpeni ife tisanalankhule.”

Flossie anavomera. Mawuwo sanali aukali, koma anamukhala pamtima ngati mwala. Ali mtsikana ku Mphate anaonapo mayi wina woyandikana nawo nyumba amene anadinda chala kuchipatala kuti mwamuna wake ang'ambidwe pamimba, abale a mwamunayo asanafike. Mwamunayo anafera patebulo. Pamaliro, alongo ake a malemu ankalira akutchula dzina la mayiyo, kumufunsa kuti anathamangira chiyani. Manda asanaphwe n'komwe, anamulanda mpaka mphasa. Flossie ankakumbukira mayi uja atakhala pakhonde la eni ake, ana atatu atamuzungulira, anthu akudutsa osamupatsa moni.

Nyengo yozizira inafika, dzuwa n'kumalowa anthu asanaweruke. Willard anasiya kugona pabedi, ankagona pansi pabalaza, miyendo atasanjika pampando. Mapilisi ankamulemeretsa lilime. Mmawa wina foni ya m'nyumba inalira, Flossie n'kuikokera pamene anagona mwamuna wake. Anali mayi wa ku ofesi ya dokotala wa mafupa uja. Wodwala wina anali atalephera, malo atseguka sabata yotsatira, ndipo yankho linkafunika tsiku lomwelo asanaweruke.

Willard anati aimbanso. Anaika foni pachifuwa n'kuyang'ana kudenga. Usiku wathawo sanagone, ndipo ululu unali utamuchotsera Germany yense m'mutu. Anatembenuza nkhope n'kuyang'ana mkazi wake monga mwana amayang'anira mayi ake pa chipatala.

“Amake Joanna, ndatopa ine. Ndivomere?”

Flossie anali ataima pakhomo la kukhitchini, Joanna atamugwira chitenje. Ankaona mmene mwendo wamanzere unawondera poyerekeza ndi unzake. Ankadziwa kuti akangoti inde, mwamunayo avomera. Koma m'maganizo anaonanso bokosi la maliro likutsika ndege ku Lilongwe, galimoto ikukwera mapiri a ku Tsangano, iye atakhala pambali pa bokosilo ndi mwana wolankhula Chingerezi chokhachokha.

“Nanga amalume?” anatero.

Anayesa kuimbira mphunzitsi uja mpaka khadi inatsala pang'ono kutha ndi kungoyesayesa. Foni yake inali yozima, mwina anali ataitumiza kukatchajitsa ku msika. Dzuwa litapendeka Willard anaimbira ku ofesi kuja n'kunena kuti ayenera kuyamba wafunsa abale. Mayiyo anadabwa, anamufunsa ngati mkazi wake sali pomwepo. Willard anati alipo. Anamufunsanso ngati akumvetsa kuti malowo apita kwa wina ndipo iye abwerera pamzere. Anati akumvetsa.

A Dorothy atamva anabwera ndi yunifolomu, osadutsira n'kwawo komwe. Sanakhale pansi. Anakalipira Willard kuti iye ndi namwino, akudziwa chimene mtsempha wopsinjika umachita ukakhalitsa. Kenako anatembenukira kwa Flossie.

“Iwe mwana, amalume akowo ali ndi digiri ya mafupa? Anthu amalira kufuna deti, inu mwaipeza n'kuitaya ngati khasu lothyoka.”

“Anti,” anayankha Flossie, maso ali pansi, “akafera patebulo, maliro sakaikidwa ku Bordesley Green. Wokakhala pafupi ndi bokosi ku Tsangano ndine, si inu.”

 A Dorothy nawonso anali mkazi wa eni ake, ndipo ankaidziwa nyimbo imene alongo a mwamuna amaimba pamaliro. Anavula jasi, kulowa kukhitchini, n'kuyamba kutsuka mbale zimene sanadyeremo.

Ululu utachepako pang'ono, Germany anabwereranso m'nyumbamo. Willard ankati mwina Mulungu ndiye anatseka khomo lija kuti atsegule lina. Steve anatumiza zithunzi za msana kwa madokotala a kumeneko, mpingo unayamba kusonkha, amayi ena ankaphika mandasi ndi samusa kugulitsa anzawo kuntchito. A ku Germany anayankha kuti n'zotheka, koma zithunzizo n'zakale, ajambulitse zina. Kujambulitsa kwinako nakonso kunali ndi mzere wake. Ku Tsangano mvula inatha, koma mlongo wa ku Kasungu anali ndi pakati potopa, ndipo a Augustine anati sangakambe za mpeni mwana wamkazi ali pakati pa moyo ndi imfa.

Flossie ndiye anaonanso choyamba. Silipasi ya kumanzere inayamba kumuvuka Willard akamayenda, iye osamva. Chala chachikulu chinkakola m'mphepete mwa kapeti. Akamapita kubafa, phazi lamanja linkaponda mwakachetechete, lamanzere n'kumati phwa, phwa, ngati nsomba yoponyedwa pansi. Anamuuza. Willard anati silipasiyo ndi yotanuka, agule ina. Flossie anagula ina, ndipo nayonso inkavuka.

Zithunzi zatsopano zitafika ku Germany, yankho silinachedwe. Steve anabwera nalo yekha, atavula chipewa pakhomo ngati wodzanena maliro. Madokotala aja anati disiki yawo amaika mwa munthu amene mafupa ake ena akadali bwino, koma apa timfundo ta kumbuyo kwa msana tadyeka kale, ndipo mtsempha wapsinjika kwambiri. Anati asataye nthawi ndi ulendo, achitidwe opaleshoni komwe aliko, msanga. Steve anapepesa kambirimbiri. Willard anamuuza kuti palibe mlandu, anachita zimene mbale amachita. Mnyamatayo atapita, Willard anapempha kuti azimitse wailesi, ndipo sanadye tsiku limenelo.

Sipanapite nthawi. Masana ena Flossie akuchokera kokolopa, anamupeza ataima m'bafa, atagwira khoma, thukuta lili kamukamu. Kuyambira m'mawa mkodzo unkakana kutuluka, ndipo pokhalira ponse panali dzanzi. Willard anali namwino, sanafunike womuuza tanthauzo lake. Analankhula motsitsa mawu kuti mwana asamve.

“Imbani ambulansi. Muwauze kuti sindikumva kanthu pakati pa miyendo. Mawu amenewo muwanene momwemo.”

Palibe anatchula amalume. Flossie anasiya Joanna kwa mkazi wa mzungu wa pansi uja, n'kukwera ambulansi ndi chitenje chimodzi ndi fulasiki. Madzulo a tsiku lomwelo Willard analowa m'chipinda cha opaleshoni, pa chipatala chomwe chija, m'manja mwa dokotala yemwe uja. Anasaina yekha. Flossie anakhala pa benchi ya m'khonde, a Dorothy ali pambali pake.

Anatuluka wamoyo. Chikhodzodzo chinabwerera pang'onopang'ono, ululu wa kumwendo unachepa, zitsulo zinagwira. Koma phazi silinadzuke. Dokotala ankaligwira n'kumuuza kuti akweze zala, Willard n'kulimbikira mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, phazi lili lende. Dokotalayo anati mtsempha unakhala wopsinjika nthawi yaitali. Flossie, amene sankalankhula pamaso pa madokotala, anafunsa ndi Chingerezi chake chodukaduka ngati phazilo likanapulumuka akanabwera nthawi yozizira ija. Dokotala anamuyang'ana, n'kunena kuti zimenezo palibe angazidziwe motsimikiza. Anayankha mwaulemu, koma anachedwa kuyankha, ndipo Flossie anamva kuchedwako.

Anamupatsa chipulasitiki cholimba chomangira kuyambira pa katumba mpaka pansi pa phazi, cholowa m'nsapato, kuti zala zisamakhwekhwerezeke. Ku wodi sanabwererenso. Anamusamutsira ku kiliniki yotenga magazi, kumene amagwira ntchito atakhala pampando, ndipo mapepala awo anapulumuka. Mashifiti a ku Nuneaton anathera pomwepo. Munthu amene ankadzutsa amuna anzake ndi mikono iwiri tsopano ankakwera masitepe a nyumba yake limodzilimodzi, atagwira chitsulo cha m'mbali. Kumudzi sanauzeko aliyense. Poyamba ankati adikire aone ngati phazi lidzuke, kenako ankangoti mawa.

Loweruka lina m'mawa foni ya m'manja inalira kamodzi n'kuduka. Inali nambala ya mphunzitsi uja, akuflasha. Willard anali pampando, mwendo uli pa tebulo laling'ono. Anayang'ana nambalayo n'kupatsira mkazi wake, akupukusa mutu. Flossie anakanda khadi n'kuimba, ndipo atamva mawu a a Augustine anapezeka wagwada pakapeti.

Mkuluyo anali wokondwa. Mlongo wa ku Kasungu anachira bwino, mwana wamwamuna. Onse anakumana, anakambirana tsiku lathunthu, anapempheranso. Za ku Germany anazikana, anati munthu asachoke pamene pali mkazi wake ndi anthu a mpingo wake.

“Koma za konko tavomera, apongozi. Mwachita bwino kutidikira, mwasonyeza kuti munaleredwa. Tsopano auzeni madokotalawo ayambe.”

Flossie anayang'ana mwamuna wake. Willard ankamva zonse, chifukwa mkuluyo ankalankhula mokweza monga amachitira anthu osazolowera foni. Anatseka maso, n'kugwedeza mutu pang'ono.

“Zikomo, tamva,” anatero Flossie. “Tiwauza.”

Atadula, Willard anati adikire mwezi umodzi, kenako adzawauze kuti opaleshoni yachitika ndipo phazi silinabwerere. Flossie sanatsutse. Anamva chinthu chikumasuka m'chifuwa mwake, chimene chinamumanga kuyambira tsiku limene anapatsidwa foni ndi manja awiri. Tsopano panalibe mlongo wa mwamuna amene akanadzamuloza chala. Kupepukako kunamuchititsa manyazi, moti anadzuka n'kukatsegula madzi kukhitchini popanda chotsuka.

Mwezi utatha Willard anaimba yekha. Ananena monga anapanganira. Kenako Flossie, ali pakhomo la kukhitchini, anamva m'foni kulira kwa munthu wamkulu, kulira kokoka ngati kwa pamaliro. A Augustine ankati ndi iwo apundula mwana wa mlongo wawo, ndi pakamwa pawo pamene panatuluka mawu ovomera, akanadziwa akanakana. Ankafunsa kuti akawauza chiyani mayi ake.

“Ayi, amalume, musatero,” ankatero Willard. “Inu munachita mbali yanu. Ndikuyenda ndithu, ndikugwira ntchito. Musalire, amalume.”

Anabwereza mawu amenewo kangapo, mofatsa, monga ankalankhulira ndi nkhalamba za m'wodi. Flossie anaima pomwepo, manja ali m'chitenje, mpaka mkuluyo anatonthola.